Batire lomwe ndinachotsa chifukwa cha usipa

Abale anga pagulu lino, lero za mitengo ya kontena ndi msonkho wa pa Mwanza tiyambe taziika pambali. Ndikufuna tikambe za ka alamu koyera kali kudenga kaja, kamene ambirife timakaona ngati mdani.

Ine ndimachita lendi basement ku Scarborough. Ngati enanu, pogona panga ndi pomwenso pali sitolo: mabelo a kaunjika odikira kupita kumudzi, makatoni a nsapato, zitenje zochokera ku Lilongwe. Tsiku lina ndikukazinga usipa, alamu inalira mpaka ana a eni nyumba kumtunda anadzuka. Manyazi anandigwira. Ndinakwera pampando, n'kuzula batire, n'kuliponya m'dirowa. Ndinati ndibwezera mawa. Mawa lakelo silinafike.

Mu Januwale, kukuzizira koopsa, ndinalumikiza hita pa ekisitenshoni yomwe inadutsa pansi pa makatoni, ine n'kugona. Waya unatentha, katoni inayamba kunyeka. Alamu yanga inali chete. Yomwe inalira ndi ya eni nyumba, utsi utakwera kale masitepe, ndipo mayi a nyumbayo ndi omwe anandidzutsa pomenya chitseko. Nditathamangira pawindo ndinapeza ndinalitseka ndekha ndi mabelo atatu. Mwayi wake moto unali usanafike pamasitepe. Ndinaluza makatoni awiri a zitenje basi, koma mpaka lero ndikakumbukira windo lija thupi limachita tsembwe.

Kumudzi tinazolowera kuti moto ukabuka anthu amakuwa, aneba n'kubwera ndi ndowa. Kuno nyumba zambiri mkati mwake ndi matabwa, zitseko ndi mawindo timatseka kuti gwa chifukwa cha chisanu, ndipo munthu akagona fungo la utsi silimudzutsa. Mu 2022 anthu 133 anafa ndi moto m'Ontario muno. Mu Marichi chaka chomwecho ku Brampton, makolo awiri ndi ana awo atatu anafera m'nyumba, ndipo ofufuza anapeza kuti munalibe alamu yogwira ntchito.

Lamulo la Ontario ndi lomveka. Kuyambira 2006, nyumba iliyonse iyenera kukhala ndi alamu ya utsi yogwira ntchito pansanja iliyonse, basement yomwe, komanso panja pa zipinda zogona. Kuika ndi kukonza ndi udindo wa mwini nyumba. Wa lendi udindo wake ndi kunena ikawonongeka, ndipo kuzula batire monga ndinachitira ine ndi mlandu: tikiti yake ndi madola 360, ndipo kukhoti chindapusa chikhoza kufika madola 50,000. Ngati nyumba ili ndi fanesi ya gasi, pamafunikanso alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo.

Pano ndimachita izi. Mwezi uliwonse ndimadina batani kuti ndimve ngati ikulira. Batire ndimasintha tikamasintha mawotchi, mu Marichi ndi mu Novembala. Ndinayang'ana deti kumbuyo kwake, chifukwa ikakwana zaka 10 imafunika ina yatsopano. Ikalira ndikukazinga, ndimadina batani loitontholetsa, n'kuyatsa fani ya pachitofu. Hita ndimalumikiza pakhoma penipeni, mita imodzi kutali ndi katundu, ndipo ndimazimitsa ndisanagone. Pawindo ndi pamasitepe sipakhalanso belo.

Chinanso, amalonda anzanga: funsani a inshuwalansi yanu ya lendi ngati katundu wogulitsa alimo. Nthawi zambiri inshuwalansi ya m'nyumba siilipira katundu wa bizinesi mokwanira, ndiye musamangoganiza kuti muli otetezeka.

Moto ukabuka, tulukani kaye, muimbe 911 muli panja. Osabwerera kukatenga pasipoti kapena katoni. Mpamba umapezekanso, tonse tinagwapo n'kudzukanso. Koma kutumiza maliro kumudzi kuchokera kuno, tonse tikudziwa mmene timavutikira posonkha.

Usiku uno musanagone, kwerani pampando mudine batani lija. Ikapanda kulira, mwini nyumba adziwe lero lomwe.