Kuyendera kalasi kusakhale kusaka zolakwa

Aphunzitsi amene anayamba ntchito kalekale amakumbukira momwe mtima unkagundira akamva kuti oyendera sukulu afika. Mlendoyo ankakhala kumbuyo kwa kalasi, cholembera chili m'manja, n'kumaona ngati masikimu alembedwa ndiponso ngati kaundula wa ana ali m'malo mwake. Pochoka ankasiya lipoti, koma kaphunzitsidwe kankatsala momwe kanalili: mphunzitsi kulankhula yekha, ana n'kumangovomera onse pamodzi akafunsidwa ngati amva.

Lero maiko ambiri a m'chigawo chino cha Africa akufuna kuti mwana azitenga mbali pa phunziro: azifunsa, aziyesa yekha ndi kukambirana ndi anzake. Koma kodi mphunzitsi amene iye mwini anaphunzira poloweza angasinthe bwanji popanda womuthandiza?

Gwero la vutoli

M'chaka cha 1994 dziko la Malawi litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba ntchito aphunzitsi pafupifupi 20,000 omwe anali asanapite kukoleji, ndipo ambiri anadzasulidwa ali kale pantchito. M'zaka zotsatira sukulu zinagawidwa m'mazoni. Zoni iliyonse inapatsidwa malo osulirako aphunzitsi, otchedwa TDC, komanso mlangizi wa maphunziro, yemwe ambiri amangomutchula kuti a PEA. Kenaka mu 2007 munayamba silabasi yatsopano ya PCAR, yomwe inaika mwana patsogolo pa zochitika zonse za m'kalasi.

Komatu kusintha silabasi n'kosavuta kusiyana ndi kusintha chizolowezi. Mphunzitsi amapita kumaphunziro a masiku ochepa ku TDC, n'kubwerera m'kalasi momwe ana opitirira 100 akhala pansi, angapo akulimbirana buku limodzi. Posakhalitsa amabwerera ku njira imene anaizolowera. Mlangizi wa zoni ali ndi sukulu zambiri zoti ayendere, zina zakutali, ndipo nthawi ya dzinja misewu imavuta. Amene amakhala pasukulu tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi wamkulu, wachiwiri wake ndi akulu a zigawo. Awa ndiwo ayenera kuphunzitsidwa luso loonerera phunziro ndi kulangiza.

Maso akhale pa ana

Kuonerera kothandiza kumayamba phunziro lisanayambe. Mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi wa kalasi amagwirizana tsiku, ndiponso chinthu chimodzi chokha chimene achiyang'ane, monga kafunsidwe ka mafunso kapena ntchito ya m'magulu. Kulowa m'kalasi modzidzimutsa kumangobweretsa mantha.

M'kalasimo woonerera sadula mphunzitsi pakamwa, ndipo samukonza pamaso pa ana. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Amalemba zimene akuona, osati maganizo ake. Mwa mphindi 30 kapena 35 za phunziro, ndi zingati zimene ana anagwira ntchito okha? Ayankha ndi ana angati, ndipo atsikana alipo angati? Kodi okhala kumbuyo afunsidwako? Pamene ana anakhala m'magulu, onse anagwira timiyala ndi zitsekerero za mabotolo zowerengera, kapena mmodzi ndiye anachita zonse ena akungoyang'ana? Izi n'zofunika chifukwa kukhazika ana mozungulira pakokha sikusonyeza kuti akuphunzira.

Kukambirana kumachitika tsiku lomwelo, pa awiri, ana ataweruka. Woyamba kulankhula ndi mwini phunziro. Mmalo monena kuti, "Simunaphunzitse bwino," mphunzitsi wamkulu angathe kunena kuti, "Aphunzitsi, mwa mafunso 12 amene munafunsa, 9 anayankha ndi ana a kutsogolo. Mukuona kuti tingatani kuti a kumbuyo nawonso alankhule?" Chiwerengero chotere munthu sakangana nacho, ndipo sichichotsa ulemu. Awiriwo amasankha chinthu chimodzi choti chiyesedwe, monga kudikira kanthawi asanatchule woyankha, kapena kuuza ana kuti ayambe akambirana awiriawiri. Amapangananso tsiku lodzaonanso.

Zimene achita ku Zambia

Dziko la Zambia linatenga njira ina yofikira pa cholinga chomwechi. Mu 2005, mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, sukulu za m'chigawo cha Central zinayamba njira imene aphunzitsi a ku Japan akhala akuitsata kwa zaka zambiri. Aphunzitsi amakonzera pamodzi phunziro lovuta, mmodzi n'kuliphunzitsa anzake akuonerera. Akatero amakambirana pamene ana anavutika, n'kulikonzanso ndi kuliphunzitsa kachiwiri. Njirayi inayambira pa sayansi, kenaka inafalikira ku maphunziro ena ndi zigawo zina. Ubwino wake ndi woti chimene chikuunikidwa ndi phunziro la onse, osati munthu. Udindo wa mphunzitsi wamkulu ndi kupatula nthawi ya zokambiranazi ndi kukhalapo iye mwini.

Zopinga zilipo

Aphunzitsi aakulu ambiri ali ndi makalasi awoawo, kuwonjezera pa malipoti, misonkhano ya komiti ya sukulu ndi milandu ya makolo. Ena ndi aang'ono msinkhu kuposa amene akuwalangiza, ndipo pachikhalidwe chathu kuwongolera wamkulu si chinthu chapafupi. Chinanso, ngati zolemba za kuonerera zigwiritsidwa ntchito poopseza kapena kulanga, aphunzitsi amakonza phunziro lachionetsero, mlendo akatuluka n'kubwerera ku zakale.

Nchifukwa chake mphunzitsi wamkulu wanzeru amayamba ndi kutsekula chitseko cha kalasi yake, kuti anzake amuonerere ndi kumuuza zimene aona. Naye Unduna wa Zamaphunziro pamodzi ndi mabungwe othandiza ayenera kumuchepetsera ntchito ya mu ofesi, ndipo alangizi a zoni azikhala naye limodzi m'kalasi mpaka lusoli alizolowere. Ngakhale mphindi 20 pa sabata, zikamachitika mosadukiza, zingathandize kuti mtsikana wokhala pakona, amene chaka chonse sanakwezepo mkono, afunsidwe funso n'kupatsidwa nthawi yoyankha.