Midzi ya kuzambwe kwa Lilongwe ikusowa aphungu a zotengera ku mtundu

Mwana akabadwa wachialubino, kapena akamadwaladwala mpaka kuikidwa magazi kangapo asanathe zaka ziwiri, mlandu umagwera mayi. Apongozi amanong'ona kuti mkaziyo anayenda njira, ena amathamangira kwa sing'anga, ndipo nthawi zina mkamwini amalongedza n'kubwerera kwawo. Chonsecho chialubino ndi matenda a sickle cell mwana amatengera mbali zonse ziwiri: bambo ndi mayi aliyense amakhala ndi mbewu yake m'thupi ngakhale akuoneka wathanzi. Awiri otere akakwatirana, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nacho ndi umodzi mwa inayi. Kufotokozera banja zimenezi mpaka limvetse ndi ntchito payokha, ndipo anthu a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma akuisowa.

Kunja ntchitoyi inakula kalekale. Maphunziro ake oyamba anatsegulidwa mu 1969 pa Sarah Lawrence College ku America, ndipo ku South Africa mayunivesite a Witwatersrand ndi Cape Town amasula aphungu otere. Phungu salemba mankhwala. Amakhala pansi ndi banja, kufunsa za abale a kuchimuna ndi kuchikazi, za ana amene anamwalira ali aang'ono, kenako kumasulira zotsatira za magazi, n'kusiya eni ake asankhe chochita. Kwathu kuno mtolowu wagwera anamwino, madokotala aang'ono ndi alangizi a zaumoyo, amene amayankhula ndi mayi uku mzere wa odwala wafika panja. Kiliniki ya sickle cell ili ku chipatala cha Kamuzu Central, ndipo kuti mayi wa ku Nsaru akafike kumeneko amayamba wapeza ya kabaza ndi ya minibasi. Komatu ofuna uphunguwu si ochepa: kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno.

Ena anganene kuti dziko limene likulimbana ndi malungo ndi kusowa kwa mankhwala lisataye ndalama pa zokambirana. Koma kukambiranako n'kumene kumafikitsa mwana ku mankhwala. Mayi amene wauzidwa bwino za sickle cell akaona khanda latupa manja ndi mapazi, maso achita chikasu, sadikiranso tsiku la sikelo. Amadziwa chifukwa chake mwanayo ayenera kugona m'masikito, kumwa penicillin ndi folic acid, komanso hydroxyurea amene amachepetsa kuphwanya kwa mafupa ndi kuikidwa magazi pafupipafupi. Wa mwana wachialubino amadziwa kuti chipewa chachikulu, malaya aatali manja ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndizo zimatchinga khansa ya pakhungu. Ena amaopa kuti kuyeza magazi kudzathetsa zitomero ndi maukwati. Mantha amenewa ndi omveka, n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna munthu wophunzitsidwa kusunga chinsinsi, makamaka pamene achialubino akhala akusakidwa ndi zigawenga kuyambira 2014. Komabe mabanja akutha kale chifukwa cha kusadziwa, ndipo bambo akamva kuti mbewuyo ilinso mwa iye, chala choloza mkazi chimatsika.

Poyambira tili napo. Pa nkhani ya HIV, Malawi anaphunzitsa aphungu ambirimbiri amene lero amapezeka m'zipatala zazing'ono, ozolowera kuuza munthu nkhani yolemera m'kachipinda kotseka. Aphungu amenewa pamodzi ndi anamwino a pa St Gabriel's ku Namitete, pa Kabudula ndi pa Nambuma apatsidwe maphunziro owonjezera ndi zipangizo zoyezera magazi, ndipo Kamuzu University of Health Sciences isule akatswiri owayang'anira. Ankhoswe ndi eni mbumba nawonso amve nkhaniyi, pakuti milandu ya m'banja imayambira kwa iwo. Unduna wa zaumoyo uike ntchitoyi pa mndandanda wa ntchito zake, ikhale ndi malipiro ndi nthawi yake, kuti bambo ndi mayi azimvera limodzi chimene chachitikira mwana wawo.