Mpweya m'Mabuleki ndi Mdani Wobisika

Nyengo yokolola ikatha, mavaneti ambiri amasenza cimanga ndi nshawa kucokera ku Chipata, Katete ndi Petauke kunka ku Lusaka. Potsika mapiri a Manenekela, kufupi ndi mlatho wa Luangwa, moyo wa okwera onse umadalira mabuleki.

Eni galimoto ena, atasintha mapaipi kapena masilinda a mabuleki, amadabwa kuona copondera cikungomira pansi osagwira. Cocititsa ndi mpweya umene unalowa pomasula zitsulozo. Mafuta a mabuleki safinyika, koma mpweya umafinyika, cotero mphamvu ya phazi imathera m'njira isanafike ku magudumu.

Kucotsa mpweyawu kumafuna anthu awiri. Yambirani gudumu lakutali ndi kathanki ka mafutawo. Pa galimoto zambiri zakuno ndilo lam'mbuyo kumanzere. Wina aponde copondera kangapo, ndi kucigwiriza pansi. Mnzake amasule pang'ono kabauti kotulutsira mpweya, mafuta athovu atsikire m'botolo kudzera m'kapaipi. Amange kabautiko wopondayo asanacotse phazi, apo ai mpweya ubwereranso. Bwerezani kufikira thovu litatha, ndipo citani cimodzimodzi pa gudumu liri lonse.

Kathanki kasaume. Onjezerani mafuta amene analembedwa pa civundikilo cake, kaya DOT 3 kapena DOT 4. Oilo wa injini amatupitsa malabala, musamuthiremo.

Copondera cikalimba, yesani mabuleki pabwalo musanakweze munthu. Cikafewabe, galimoto isacoke pakhomo kufikira makanika ataiona.