Mphunzitsi wa Chisilamu ku Rumphi: Kodi Khalidwe Lake Latsamira pa Chiyani?



Kalembera wa mchaka cha 2018 adapeza kuti Asilamu ndi 13.8 mwa anthu 100 aliwonse m'Malawi muno, koma tikudziwa kuti sitidamwazikane mofanana. Tidachulukira ku Mangochi, Machinga, Balaka, Salima ndi Nkhotakota, pomwe boma ngati la Rumphi lili ndi Asilamu owerengeka. Komatu ntchito ya uphunzitsi imapititsa munthu kulikonse. Mnyamata wa ku Namwera kapena mtsikana wa ku Ntaja atha kukaphunzira pa koleji ya aphunzitsi ya ku Rumphi, kenako nkupezeka akugwira choko ku Hewe, ku Mhuju kapena m'mapiri a ku Phoka. Kumeneko adhana samveka m'bandakucha, Sheikh amene adamuphunzitsa Qur'an ali kutali, ndipo amalume amene ankamudzudzula sangamve zimene akuchita. Funso lathu ndi lakuti: zonsezi zikachoka, khalidwe la mphunzitsiyu limatsala litagwira chiyani?

Tiyambe tadziwa dera lomwe. Mchaka cha 1894 Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni ya Livingstonia pa Khondowe, m'boma la Rumphi lomweli, ndipo sukulu yake ya Overtoun Institution idasula aphunzitsi amene adafalikira chigawo chonse cha kumpoto mpaka kulowa m'Zambia. Choncho anthu a ku Rumphi akhala ndi aphunzitsi kwa zaka zoposa 130. Amadziwa kuyeza mphunzitsi ngati momwe mlimi amayezera fodya pomugwira ndi zala. Mbali inayi, dzina la Msilamu limene mwana wa kumpoto amayamba kukumana nalo m'phunziro la mbiri ndi la Mlozi, wogulitsa akapolo amene adanyongedwa ku Karonga mu 1895. Za ma Sheikh ngati Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene adafalitsa maphunziro a Dini m'mbali mwa nyanja, ndi ochepa adazimvapo.

Ena poona izi amati: khala bwino kuti anthu aone kukoma kwa Chisilamu. Mawuwa ndi oona, koma sangakhale maziko. Khalidwe lomangidwa pa maso a anthu, kaya ndi manyazi a kumudzi kaya ndi kufuna kutamandidwa ndi alendo, limatha chitseko chikatsekedwa, ndipo lili pafupi kwambiri ndi riyaa. Malamulo a Unduna wa Zamaphunziro ndi ofunika, koma nawonso amafuna diso, ndipo mlangizi wa sukulu sangafike tsiku lililonse pa sukulu imene msewu wake umaduka mvula ikagwa.

Maulama akale adaifukula nkhaniyi mozama pofunsa kuti chabwino ndi choipa timachidziwa bwanji. Gulu la Mu'tazila linkati nzeru pazokha zimazindikira kuti chilungamo nchabwino ndipo kupondereza nkoipa, ndipo kuzindikira kumeneko nkokwanira kumusenzetsa munthu mlandu ngakhale Mtumiki asanafike. Imam al-Ash'ari ndi omutsatira adati ayi: kukakamizika, malipiro ndi chilango zimadziwika ndi chivumbulutso basi. Imam al-Maturidi wa ku Samarqand, amene adamwalira mu 944, adaima pakati: nzeru zimatha kuona ubwino ndi kuipa kwa zinthu zina, koma woika lamulo ndi Allah yekha. Mkanganowu ungaoneke ngati wa m'mabuku, koma uli ndi ntchito mu ofesi ya aphunzitsi ku Bolero. Mphunzitsi wamkulu wa mpingo wa CCAP akanena kuti kuba ufa wa phala la ana nkoipa, Msilamu sadabwa, chifukwa Allah adaika fitra mwa munthu aliyense. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) adayamikira pangano la Hilf al-Fudul, limene anthu a ku Makka adapangana loteteza woponderezedwa utumiki usanabwere. Choncho pa umunthu timagwirizana ndi anzathu ambiri. Chimene chivumbulutso chikuwonjezera ndi kutiuza mwini wa lamulolo, ndi tsiku limene adzatifunse.

Apa ndi pomwe pali maziko: muraaqaba, kukhala ukudziwa kuti Allah akukuona, komwe Hadith ya Jibril idakutcha ihsaan; ndi amaana, kudziwa kuti mwana wakhala pa benchiyo waikizidwa kwa iwe. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adafotokoza m'buku lake la Ihya Ulum al-Din kuti khalidwe si ntchito yabwino imodzi, koma chinthu chokhazikika mumtima chimene ntchito zimatulukamo mosavutikira. Wopereka kamodzi pa zifukwa zake satchedwa wopatsa. Chimodzimodzi mphunzitsi amene amakonzekera phunziro pokhapokha akamva kuti kukubwera oyendera sukulu. Imamuyu adatsutsanso amene amati khalidwe silisinthika: likadakhala losasinthika, ulaliki ndi malangizo zikadakhala zopanda phindu. Limakula ndi kudzikakamiza mpaka chizolowezi chikhazikike.

Koma fiqh siikhutira ndi mawu okoma. Imafuna kudziwa chololedwa ndi choletsedwa Lolemba m'mawa. Buku limodzi mwa akale kwambiri pa nkhaniyi ndi Adab al-Mu'allimin la Muhammad ibn Sahnun, katswiri wa madh-hab a Maliki wa mumzinda wa Qayrawan, ku Tunisia ya lero, amene adamwalira mu 870. Munthu ukamaliwerenga umachita ngati mlembiyo adayendapo m'sukulu zathu.

Choyamba ndi nthawi. Maulama a Shafi'i ndi Maliki adaloleza kulandira malipiro pophunzitsa, ngakhale kuphunzitsa Qur'an. A Hanafi oyambirira adakaniza, ndipo odza pambuyo pawo adaloleza poopa kuti maphunziro angathe. Koma ukalandira malipiro umasanduka waganyu amene nthawi yake idagulidwa. Ibn Sahnun adafika poletsa mphunzitsi kusiya ana nkumatsatira maliro kapena kukazonda odwala pa nthawi ya maphunziro, kupatula maliro amene iye sangachitire mwina. Chigamulochi chimawawa kwa ife Amalawi, amene timati maliro salephereka, ndipo sitikunena kuti mphunzitsi akhale wosalira nawo anthu a m'mudzi umene akukhala, wotero sangakhalitse. Tikunena kuti pali kusiyana pakati pa kupempha chilolezo nkudzabweza phunzirolo, ndi kusandutsa maliro aliwonse a m'dera kukhala tchuthi. Nanga tsiku lomwe limathera pa ulendo wokatenga malipiro ku banki pa boma, kapena sabata yosankha fodya wako m'chigafa ana ali okha? Malipiro ochepa ndi ochedwa ndi dandaulo loona, ndipo lili ndi kokalitula. Amene sayenera kulipira ngongoleyo ndi mwana wa Sitandade 3.

Chachiwiri ndi kutuma ana. Ibn Sahnun adaletsa mphunzitsi kutuma ophunzira ntchito zake, komanso kuwakakamiza mphatso zoonjezera pa malipiro ake. Tonse tikudziwa mtolo wa nkhuni, ndowa ya madzi ndi mizere ya m'munda wa aphunzitsi zimene zimadutsa m'dzina la chilango. Kusesa bwalo la sukulu nkwina, kupalira chimanga cha mphunzitsi nkwina. Kwachiwiriku ndi kudya thukuta la mwana popanda chilolezo cha mwini wake.

Pa za ndodo, Ibn Sahnun adaika malire a zikoti zitatu pokhapokha bambo wa mwana ataloleza, adaletsa kumenya kumaso ndi kumutu, ndipo adaletsa kumenya chifukwa cha mkwiyo. Tisawerenge izi ngati chilolezo. Adali kumanga manja a aphunzitsi a nthawi yake. Ibn Khaldun, amene adamwalira mu 1406, adaona kuti nkhanza zimaphunzitsa mwana ulesi, bodza ndi chinyengo, chifukwa amazolowera kuonetsa zosiyana ndi zomwe zili mumtima poopa dzanja. Mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) adachitira umboni kuti Mtumiki sadamenyepo mkazi kapena wantchito. Ndipo poti Unduna udaletsa kumenya ana m'sukulu, mphunzitsi amene adasaina ntchito ya boma wamangidwanso ndi pangano, ndipo kusunga pangano ndi lamulo la Dini.

Mfundo imene ikuikhudza kwambiri Rumphi ndi ya chilungamo pakati pa ana. Ibn Sahnun adalamula kuti wolemera ndi wosauka aphunzitsidwe mofanana, ndipo Surat Abasa ikutikumbutsa kuti ngakhale Mtumiki adakonzedwa pamene adatembenukira kwa akuluakulu a Chikuraishi nkumusiya Ibn Umm Maktum, munthu wosaona amene ankafuna kuphunzira. Nanga ngati kalasi yonse ndi ya ana a Chikhristu olankhula Chitumbuka? Amaana siichepa. Ayah ya 8 ya Surat al-Ma'ida ikulamula chilungamo ngakhale kwa anthu amene uli nawo chidani, nanji ana amene makolo awo akukupatsa nyumba ndi moni. Mphunzitsi ndi wophunzira kusiyana chipembedzo si zachilendo kwa ife: pambuyo pa nkhondo ya Badr mu 624, akaidi ena a ku Makka, omwe sadali Asilamu, adadziombola pophunzitsa ana a ku Madina kulemba.

Apa tikumbukire bala lathu lomwe. Agogo athu ambiri adakaniza ana awo sukulu za mishoni poopa kuti akabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china, ndipo tikulipirabe mtengo wa kutsalira kumeneko. Ife amene tikudziwa kuwawa kwake sitingatenge mwana wa mnzathu, amene watipatsa kuti timuphunzitse masamu, nkumamunyozera tchalitchi chake kapena kumukokera mseri kumene makolo ake sakudziwa. Wofunsa za Chisilamu ayankhidwe moona ndi mwaulemu. Koma malikisi, chakudya ndi chifundo cha mphunzitsi zisakhale nyambo. Dziko lino lidaonaponso zomwe zimachitika anthu akasiya kukhulupirira mphunzitsi wochokera kwina: mu 1989 boma la Dr Kamuzu Banda lidalamula aphunzitsi kubwerera m'zigawo za kwawo, powanamizira a kumpoto kuti ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a zigawo zina. Mabanja ambiri a ku Rumphi akuikumbukira nkhaniyi. Mphunzitsi wa Chiyao amene akudzipereka pa mwana wa Chitumbuka, mpaka kuphunzira chiyankhulo chake kuti amvane, akutseka mpata umene bodza ngati limeneli limalowera.

Za mayeso sitichulukitsa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa dziko lonse mapepala atabedwa, ndipo ana osalakwa adalembanso mu Januwale 2021. Malikisi ndi umboni, ndipo kuwonjezera kapena kuchotsa mwadala ndi umboni wabodza, umene uli m'gulu la machimo akuluakulu. Za mtsikana wa sukulu nazo nzachidule: kukhala naye awiriwiri m'nyumba kapena mu ofesi yotseka ndi khalwa yoletsedwa, kaya pali cholinga choipa kaya palibe, ndipo kumutuma kukaphika kunyumba ya mphunzitsi wosakwatira ndiko kumayambira milandu yambiri.

Latsala funso limene aphunzitsi a m'madera otere amafunsa kawirikawiri, la Swala ya Jumu'ah. Mu madh-hab a Imam Shafi'i, omwe ambiri a ife timatsatira, Jumu'ah imaima ndi amuna 40 okhazikika pamalopo, ndipo amene ali kunja kwa mudzi wotero imamukakamiza ngati adhana yake ingamveke kumene iye ali. Mphunzitsi wa pa sukulu yakutali, kumene kulibe chiwerengerochi ndipo adhana siifika, amaswali Dhuhr ndipo alibe tchimo. Ngati angathe kukafika ku mzikiti ataweruka, kapena atagwirizana ndi mphunzitsi wamkulu kusinthana mapiriyodi, wapeza zabwino zambiri, ndipo mtima umafunadi kuonana ndi abale. Koma kutseka kalasi Lachisanu lililonse kuyambira m'mawa, nkumati ndi chifukwa cha Dini, ndi kusiya chimene chili chokakamizika pa iye pofuna chimene sichidamukakamize.