Confucius ndi Anzake: Funso Limodzi, Mayankho Anayi

Ife a mu Lilongwe dziko la China timakumana nalo tsiku ndi tsiku. Chikhazikitsire ubale wa Malawi ndi dzikolo mu Disembala 2007, taona Nyumba ya Malamulo itsegulidwa mu 2010, bwalo la Bingu National Stadium mu 2017, ndipo katundu wa ku China wadzaza m'misika ya Kawale ndi Biwi. Ofuna kuphunzira Chitchaina amapita ku Confucius Institute ya University of Malawi. Koma kodi Confucius ameneyu anali ndani, nanga amatsutsana ndi yani?

Confucius adabadwa mu 551 BC ndipo adamwalira mu 479 BC. M'nthawi yake, komanso kwa zaka zoposa 200 iye atapita, China idali timaufumu tolimbana tokhatokha. Anthu oganiza mozama adali ndi funso limodzi: mtendere ukasokonekera pakati pa anthu, timaubwezeretsa bwanji? Kuti mayankho awo timve bwino, tiyerekeze kuti tili pa kiyosiki ya madzi ku Mgona kapena ku Chinsapo. Madzi abwera mochedwa, zigubu zachuluka, ena akulumpha mzere ndipo mkangano wabuka.

Confucius akadayamba ndi khalidwe. Iye ankaphunzitsa za "ren", mawu oyandikana kwambiri ndi umunthu wathu, komanso za kulemekeza makolo ndi mwambo. Kwa iye, woyang'anira kiyosiki akakhala wachilungamo, osatsogoza mlamu wake, anthu amatengera chitsanzo ndipo amachita manyazi kulumpha mzere. Omutsatira adagawanika pa nkhani ya chibadwa cha munthu. Mencius ankati munthu amabadwa ndi mbewu ya ubwino, umboni wake nkuti aliyense akaona mwana akufuna kugwera m'chitsime mtima umamudumpha asanaganize za mphotho. Xunzi ankati ayi, munthu amabadwa wodzikonda ndipo chomuwongola ndi maphunziro. Onse awiri ankavomereza kuti maphunziro ndi ofunika.

Mozi, yemwe adabwera Confucius atangomwalira, ankaona vuto pena. Ankati mikangano imayamba chifukwa chokondera abale athu, choncho tiyenera kusamala aliyense mofanana. Pa kiyosiki paja, chigubu cha mlendo ndi cha mayi athu zikhale ndi ufulu umodzi. Ankadana ndi nkhondo zolanda mayiko ena komanso maliro owonongetsa chuma, nkhani yomwe mabanja a m'matauni mwathu amaidziwa bwino.

Gulu la Dao, lomwe limatchula Laozi ngati kholo lake, linkati olamulira akachulutsa malamulo ndi zokhumba, chisokonezo chimachulukanso. Linkayamikira madzi enieniwo: ndi ofewa, amatsikira pansi, koma amaboola mwala. Langizo lawo likadakhala loti wamkulu asalowerere pa chilichonse, anthu apeza okha njira.

Han Fei, yemwe adamwalira mu 233 BC, akadawaseka onsewa. Gulu lake la malamulo linkati anthu amaopa chilango ndi kukonda mphotho basi. Lembani lamulo poyera, wolumpha mzere alipire, kaya ndi mwana wa mfumu. Ufumu wa Qin udatsata njirayi ndipo udagonjetsa ena onse mu 221 BC. Koma nkhanza zidatopetsa anthu, moti pofika 206 BC udali utagwa. Mafumu a Han omwe adalowa m'malo adasunga malamulo ambiri a Qin, koma adakweza chiphunzitso cha Confucius kuti chikhale maziko a maphunziro.

Patapita zaka zambiri, Zhu Xi (1130–1200) adasankha mabuku anayi a gulu la Confucius nkuwalembera ndemanga. Kuyambira 1313 mpaka 1905, ofuna ntchito m'boma ankalemba mayeso ochokera m'mabuku amenewa. Inu a Folomu 4 amene MSCE ikukusowetsani tulo, dziwani kuti kumeneko ena ankabwereza mayeso mpaka kumera imvi.

Asilamu a ku China nawo adalowa m'zokambiranazi. Wang Daiyu m'zaka za m'ma 1600 ndi Liu Zhi wa ku Nanjing kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 adaphunzira mabuku a Confucius mozama, kenaka nkulemba za Chisilamu m'Chitchaina pogwiritsa ntchito mawu omwe ophunzira a dzikolo ankawamva. Sadataye chikhulupiriro chawo, komanso sadanyoze nzeru za anansi awo.

M'zaka za m'ma 1900 zinthu zidatembenuka. Achinyamata ophunzira a m'nyengo ya zionetsero za pa 4 Meyi 1919 ankati Confucius ndiye wabwezera dziko m'mbuyo. Mao Zedong adalamulira motsata maganizo a Karl Marx, ndipo pakati pa 1966 ndi 1976 akachisi ndi mabuku akale ambiri adawonongedwa. Komabe mu 2004 boma lomwelo lidayamba kutsegula masukulu a chilankhulo m'mayiko ena m'dzina la Confucius yemweyo.

Funso lija silidathe, ndipo si la Atchaina okha. Aphunzitsi, makolo ndi mapulifekiti timakumana nalo kalasi ikasokosera kapena wina akaba buku la mnzake. Chilango chokha chimabweretsa bata la msanga, koma mbiri ya Qin ikutichenjeza kuti bata lotere silikhalitsa. Chitsanzo chabwino chimachedwa kubala, ndipo wakuba sadikira. Mukadzapatsidwa udindo, kaya m'kalasi, pa kiyosiki kapena mu Nyumba ya Malamulo ija, mudzayenera kusankha muyeso wa zonsezi. Ndi bwino kuyamba kuganizirapo lero.