Achule a M'mitengo ndi Chakudya Chawo

Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, madambo a ku Dowa ndi Ntchisi amadzaza ndi kulira kwa achule aang'ono okwera mitengo ndi mabango. Kunsonga kwa zala zawo kuli timinofu tomata, towathandiza kugwira tsamba loterera. Amaikira mazira m'madzi kapena pa zomera za m'mphepete mwake, ndipo mbululu zimakulira m'zithaphwi.

Achulewa amadya tizilombo tamoyo monga udzudzu, ntchentche ndi ngumbi, chifukwa amangogwira chinthu chimene chikuyenda. N'chifukwa chake oweta achule ku Ulaya amawetanso tintchentche m'mabotolo oikamo nthochi yophwanya.

Chule amamwa madzi kudzera pakhungu. Motero mankhwala opopera fodya kapena tomato akakokolokera m'dambo, amapha achule pamodzi ndi mbululu zawo.