Ziphaso Zimene Zimatsekula Khomo la Makontilakiti

Mapiri a Dedza amadyetsa mizinda ya dziko lino. Mbatata ya kachewere ya ku Bembeke, nyemba, kabichi ndi tomato zimakwera magalimoto tsiku ndi tsiku pa msewu wa M1 kupita ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma tikafunsa kuti kodi amene amapereka zakudya ku sukulu zogonera konko, ku chipatala cha boma kapena ku ndende ndani, kawirikawiri sitimupeza mlimi mwini wake. Timapeza munthu wina amene wagula kwa mlimiyo pa mtengo wolira, iye n'kukagulitsa pa mtengo wabwino. Onse awiri ndi akhama. Chimene chimawasiyanitsa ndi ziphaso.

Tiyenera kumvetsa kuti ofesi ya boma siloledwa kugula katundu monga timagulira ife pa ndowa m'mbali mwa msewu, pakuti ndalama zake ndi za misonkho ya tonsefe. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera kagulidwe ka katundu wa boma. M'chaka cha 2017 kunabwera lamulo lina limene linabala bungwe la PPDA, ndipo linanena kuti magawo 60 pa 100 alionse a makontilakiti opikisanirana m'dziko muno azipita kwa Amalawi eni nthaka. Mu 2020 boma linaonjezera ndondomeko yopereka danga lapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakatikati, makamaka a amayi, achinyamata ndi anthu olumala. Khomo linatsekulidwa ndithu, koma amalowapo ndi yekhayo amene boma likumudziwa pa pepala.

Ziphasozi zimabwera motsatana, china chimabala chinzake.

Choyamba ndi kulembetsa bizinesi ku ofesi ya kalembera wa mabizinesi, imene ambiri akhala akuidziwa pa dzina la Registrar General. Pofunika chiphaso cha unzika ndi dzina la bizinesi. Setifiketi imeneyi ndiyo imathandizanso kutsekula akaunti ya bizinesi ku banki, pakuti boma sililipira ndalama pamanja.

Chachiwiri ndi nambala ya msonkho yotchedwa TPIN, imene imaperekedwa ndi bungwe la MRA. Pambuyo pake pamafunikanso setifiketi yochitira umboni kuti munthu alibe ngongole ya msonkho. Imeneyi ili ndi nthawi yake yothera, kotero iyenera kutengedwanso ikatha.

Chachitatu ndi kulembetsa ku PPDA monga wogulitsa katundu kapena wogwira ntchito za boma. Wolembetsa amatchula mtundu wa katundu wake ndi kukula kwa makontilakiti amene angawathe, ndipo ndalama yolembetsera imatengera kukulako. Ndi nzeru kuyamba pa gawo laling'ono.

Chachinayi ndi setifiketi yotsimikiza kuti bizinesiyo ndi yaing'ono kapena yapakatikati. Popanda imeneyi, danga lapadera lija la 2020 limangomudutsa munthu.

Ziliponso ziphaso zoyendera mtundu wa ntchito. Amisiri omanga nyumba, milatho ndi misewu amalembetsa ku bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, limene linayamba ndi lamulo la 1996 pa dzina la NCIC. Opanga ufa wa phala, uchi wa m'mabotolo, mafuta ophikira kapena chiponde amafunika chidindo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Chidindo chimenechi ndicho amafunsa eni masitolo akuluakulu asanaike katundu pa mashelefu awo. Makampani ndi mabungwe amene si aboma nawonso amafuna setifiketi ya bizinesi, TPIN ndi invoisi yolembedwa bwino, chifukwa mabuku awo amafufuzidwa.

Tikudziwa kuti mlimi wa ekala imodzi ku Lobi kapena ku Mayani sangathe yekha ndalama ndi maulendo a mapepala onsewa, ndiponso sangathe kupereka matumba a nyemba mwezi ndi mwezi chaka chonse. Pano ndi pamene kopaletivi imapindulitsa. Gulu likalembetsedwa kwa mlembi wa makopaletivi ku Unduna wa Zamalonda, limakhala ngati munthu mmodzi pamaso pa lamulo: limatenga TPIN imodzi, akaunti imodzi, ndipo limasainira kontilakiti m'dzina la onse. Kalabu ya alimi kapena banki m'khonde yosalembetsedwa ilibe mphamvu imeneyi, ngakhale itakhala ndi mamembala ochuluka.

Komabe walira mvula walira matope. Tichenjeze pa zinthu zitatu. Poyamba, maofesi a boma amachedwa kulipira, nthawi zina miyezi yambiri. Amene watenga katapila kuti akwaniritse kontilakiti angathe kutaya munda asanaone cheke. Kachiwiri, tisabwereketse ziphaso zathu. Alipo anthu amene amafuna dzina la mayi kapena la wachinyamata kuti apambanire ntchito. Phindu amadya iwo, koma msonkho ndi mlandu zimatsalira mwini dzina. Kachitatu, tipewe ziphuphu. Amene wagwidwa ndi chinyengo amaletsedwa kuchita malonda ndi boma, ndipo nkhani yake ingathe kufika ku bungwe lothana ndi katangale la ACB. Pa zogula zing'onozing'ono ofesi imafunsa makotesheni kwa ogulitsa osachepera atatu. Kulemba atatu onsewo ndi dzanja limodzi ndi kuba, ngakhale ena akuyese kuchenjera.

Tikupempha tsono makatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, inu amene anthu amakubweretserani makalata kuti muwawerengere, kuti muthandize magulu a m'dera lanu pa zinthu izi: kusunga ziphaso zonse m'failo imodzi, kulemba pa chikuto tsiku limene chilichonse chidzathere, kusunga marisiti, ndi kuwerenga zidziwitso za m'nyuzipepala ndi zokhomedwa ku khonsolo. Amene akufuna kuyamba apite kaye kwa mkulu woona za malonda ku khonsolo ya boma lawo, akafunse mitengo ya lero ya chiphaso chilichonse, ndipo polipira alandire risiti ya boma.